Ufa Wopanda Dzina

"Mbuzi zanga zokha ayi, a Chirambo. Nkhuku ndi zanu, chitani nazo zimene mukufuna, koma m'khola muno musalowe ndi ufa umenewo."

NyaMsiska anali ataima pakhomo pa khola la mbuzi, mikono atapinda pachifuwa. Amuna awo, a Laws Chirambo, anali atanyamula chigubu cha madzi kudzanja lamanja, kumanzere kajumbo ka ufa woyera. Mvula inali itangokata kumene ndipo mapiri a kuseri kwa Bolero anali adakali mu nkhungu.

"Mukuyankhula ngati ndanyamula poizoni," anatero a Chirambo mofatsa. "Umu muli tizilombo tabwino, NyaMsiska, tothandiza m'mimba. Anapiye aja anafika pano akutsekula. Lero taonani mmene akuthamangira. Sanafe ndi mmodzi yemwe."

"Ndaona, maso ndili nawo. Koma mbuzi si nkhuku. Nkhuku imameza chimanga chathunthu, mbuzi imagona pansi n'kumabzikula. Amene anazipatsa mimba zosiyana analakwitsa?"

"Griffin wanena kuti ufawu ndi wa chiweto chilichonse."

"Griffin wanena. Nanga kajumboko kanena chiyani? Inu mwaphunzitsa ana a eni kuwerenga zaka makumi atatu. Tandiwerengerani zimene zalembedwapo."

A Chirambo anatembenuza kajumbo kaja ngakhale ankadziwa kale kuti panalibe chilembo ndi chimodzi chomwe. Kanali kajumbo wamba, konga kogulitsiramo mchere pamsika, komanga mfundo kukamwa. Tijumbo totere tinali todzaza thumba lonse m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba. Anabwera nato ndi Griffin, mwana wa malemu akulu awo a Chirambo, amene anakulira pakhomo pomwepo ndipo tsopano ankachita malonda a zipangizo za ulimi ku Mzuzu.

"Thumba lalikulu lili ndi zolemba zonse. Mwanayu amagawa m'tijumbo kuti anthu osauka akwanitse. Palakwika chiyani pamenepo?"

"Inu thumba lalikululo munaliona?"

"Sindinalione, koma mwana wanga sangandinamize."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, a Chirambo. Ndipo ndamva kuti mwayamba kugulitsa kutchalitchi."

"Si m'tchalitchi. Ndi panja, mapemphero atatha, kwa amene andifunsa okha."

"Anthu aja sakugula ufa ayi. Akugula dzina lanu. Theka la mudzi uno linadutsa m'kalasi mwanu. Mukanena kuti mwala uwu ndi mbatata, apita kukauphika."

A Chirambo anaseka pang'ono, natula chigubu pansi. Sanali munthu wokonda phokoso. Anabwerera ku khola la nkhuku, ndipo mbuzi zinamwa madzi oyera tsiku limenelo.

Lachinayi la sabata yotsatira Griffin anatulukira pa galimoto yake ya bokosi, matope ali mpaka m'magalasi. Anatsitsa thumba lina la tijumbo, shuga wa amayi ake ndi nsapato zatsopano za adada ake. NyaMsiska anali atavala kale zopita ku msonkhano wa amayi a Umanyano, koma anakhala kaye pakhonde.

"Yewo chomene chifukwa cha shuga, mwana wanga. Koma ndili ndi funso. Thumba limene mukutapamo ufawu lalembedwa kuti chiyani?"

"Amama, ndi Chingerezi cha madokotala chimenecho. Mayina ake ataliatali, ngakhale adada angalume lilime."

"Abweretsereni alume. Lili ndi chithunzi cha chiweto chanji?"

Griffin anayang'ana foni yake. "Pali nkhuku, koma chithunzi ndi chithunzi basi. Mimba ndi mimba, amama. Azungu amapatsa ng'ombe, nkhumba, agalu, ngakhale nsomba za m'madamu."

"Amapatsa ufa womwewu, kapena chiweto chilichonse chili ndi wake?"

"Inu amama mukanakhala loya," anatero Griffin akuseka. "Muchedwa ku Umanyano."

NyaMsiska anatenga Baibulo ndi ambulera. "Chikomekome cha nkhuyu," anatero akutsika pakhonde, koma mwambiwo sanaumalize.

Atangochoka, panafika Lois, mayi wa nyumba yachitatu kuchokera pa a Chirambo, mwana ali kumbuyo. Mwamuna wake Thomson ankagwira ntchito yolondera nyama ku Thazima ndipo ankatha milungu itatu osabwera kumudzi. Lois anagwada m'munsi mwa khonde monga ankachitira ali mtsikana wa sukulu.

"Monire aphunzitsi. Ndabwera kudzatenga ufa uja wa nkhuku. Zanga zayamba kuzyolika."

Griffin anamusankhira tijumbo tiwiri. Uku akumupatsa anasewera ndi kaphazi ka mwana. "Ndani ameneyu?"

"Ndi Thumbiko. Wakwanitsa miyezi isanu ndi itatu. Mano ayamba, ndiye m'mimba mumamuvutavuta."

"Mukadziwa, alongo, m'tauni anthu amagula tizilombo tomweti ku famase pa mtengo wokwera. Ana ndi akulu omwe amamwa. Kansonga ka supuni m'phala, m'mimba mwakhazikika."

Lois anatembenukira kwa a Chirambo. "Zoona, aphunzitsi?"

A Chirambo anali akuyesa nsapato zatsopano zija. Anakumbuka zimene anawerengapo m'magazini ina kalekale, ndipo sanafune kuchititsa manyazi mwana wawo pamaso pa mlendo.

"Pali choonadi pamenepo," anatero. "Chambiko chimene timamwachi, chimene chimasasitsa mkaka uja ndi tizilombo ta mtundu womwewu. Si zoopsa ayi."

Lois anathokoza, namanga tijumbo pa nsonga ya chitenje, nabwerera kwawo.

Patapita masiku asanu, NyaMsiska anaitanitsa mlangizi wa ziweto kuti adzaone mbuzi yawo yaikazi imene inali pafupi kuswa. Mlangiziyo anali Isabella Kamtukule, mayi wa ku Dedza amene boma linamutumiza kudera la Bolero zaka ziwiri zapitazo. Atamaliza za mbuzi n'kusamba m'manja, NyaMsiska anamupempha kuti alowe m'chigafa. A Chirambo anawatsatira m'mbuyo, manja ali m'thumba.

Isabella anamasula kajumbo kamodzi, nathira ufa pachikhatho. Sunali kuyoyoka ngati kale, unali utagwirana timibulu. Ananunkhiza, natenga kena ka pansi pa thumba. Ka pansipo kanali ndi timadontho tobiriwira.

"Bambo, tijumbo iti ndakhala ndikutiona m'makomo ambiri mwezi uno, koma aliyense amangoti tachokera kwa aphunzitsi. Ndimafuna ndibwere ndidzacheze nanu."

"Nenani, mayi. Koma nkhuku zanga mwaziona nokha."

"Ndaziona, ndipo sindikutsutsa. Tizilombo tothandiza m'mimba tilipodi, ndipo nthawi zambiri sitivuta. Mwina ufawu pamene unali m'thumba lake unali wabwinobwino, wa nkhuku. Koma tizilomboti tili mitundumitundu ngati mbewu. Amene amapanga amayesa mtundu uwu pa nkhuku, uwu pa ana a ng'ombe, uwu pa anthu, n'kulemba pathumba muyeso wake ndi tsiku lothera ntchito. Wa nkhuku ukaupatsa mbuzi, mwina suchita kanthu, mwina uvuta. Palibe amene anayesa, ndiye palibe amene angakuuzeni. Komanso ufa wa nkhuku nthawi zina amasakanizamo zinthu zina zoyenera nkhuku zokha."

"Ndiye kuti choopsa chenicheni simukuchidziwa," anatero a Chirambo.

"Chimene ndikuchidziwa ndi ichi chili m'manja mwangachi. Izi ndi zamoyo, bambo. Zatsekulidwa, zagwiridwa ndi manja, zagona m'chigafa chachinyezi mvula yonseyi. Tabwino tija mwina tinafa kale. Chimene chamera m'malo mwake ndi chuku, ndipo sindikudziwa kuti mwalowanso chiyani. Nkhuku yaikulu ingapirire. Koma kanthu kakang'ono kongobadwa kumene, kapena kodwala kale, m'matumbo mwake mumakhala mosalimba. Ndiye pali vuto lina. Munthu akakhulupirira ufa, amasiya kuitana ife, chiweto n'kumafooka iye akudikira."

NyaMsiska anangoyang'ana denga la chigafa pamene pankadontha.

"Ndiimbira Griffin abweretse thumba lenilenilo," anatero a Chirambo. "Tikaliwerenga tidziwa chochita."

"Chitani choncho. Koma pakadali pano musapereke kwa wina aliyense, ndipo amene anatenga kale muwauze asiye. Ine ndikanena ku ofesi, chifukwa malonda otere saloledwa."

Isabella atakwera njinga yake yamoto n'kuchoka, NyaMsiska anati, "Mwamva. Muyambira nyumba iti?"

"Tisathamange. Mukufuna ndiyende mudzi wonse ndikulengeza kuti mwana wa malemu akulu anga ndi wakuba, ndisanamve mbali yake? Chibale ndi fupa, NyaMsiska, sichiola."

"Zengerezu analinda kwawukwawu."

"Masiku ochepa okha. Lamlungu ndikauza anthu mwakachetechete."

A Chirambo anakumbuka ndithu zimene anauza Lois. Usana wonse mawu aja ankabwerabwera m'mutu mwawo, koma anadziuza kuti kunali kucheza chabe, ndipo mayi wanzeru ngati Lois sangapatse mwana ufa wa nkhuku. Sanauze akazi awo za nkhaniyi. Griffin atamuimbira anati thumba alitumiza pa minibasi Loweruka. Loweruka linafika, thumba osaoneka. Lamlungu kunagwa mvula yamphamvu, kutchalitchi kunabwera anthu owerengeka, ndipo a Chirambo anauza atatu okha.

Lachiwiri m'mawa NyaMsiska anazindikira kuti patha masiku angapo osamuona Lois kumjigo. Anatenga masamba a nkhwani pang'ono napita kukamuzonda. Anamupeza atakhala pamphasa m'nyumba, mwana ali pamiyendo, matewera atayanikidwa pa chingwe kuyambira kukhomo mpaka kuzenera.

"Wayamba liti?"

"Lachisanu, amama. Poyamba zinali pang'ono, ndinkati ndi mano. Dzulo wayamba kukana bere."

NyaMsiska anagwada nagwira pamutu pa mwana. Liwombo linali litalowa. Maso anali atagwera m'kati, ndipo atatsina khungu la pamimba linachedwa kubwerera. Mwanayo sanalire n'komwe. Pambali pa mphasa panali kapu ya phala, supuni yaing'ono ndi kajumbo kotsekula.

"Lois, ichi n'chiyani?"

"Ndi ufa uja. Ndakhala ndikumuthirira katatu pa tsiku. Ndinkati ugwira ntchito, chifukwa aphunzitsi anati ndi chimodzimodzi chambiko."

"Anatero ndani?"

"Aphunzitsi, amama. Tsiku lija a Griffin anabwera."

NyaMsiska anatseka maso kanthawi kochepa. Kenaka anaimirira, natenga kajumbo kaja n'kukaika m'thumba la diresi.

"Bereka mwana. Tenga buku lake la kusikelo. Zina zonse zisiye."

Anatuluka mpaka kumsewu naimitsa njinga ziwiri za kabaza. Ku chipatala chaching'ono namwino atangomuona mwana anamuika diripi, ndipo dzuwa lisanapendeke anawatumiza pa ambulansi ku chipatala cha ku boma. NyaMsiska anapita nawo. Anangotumizira amuna awo uthenga wapafoni wa mawu ochepa: "Thumbiko wa Lois ali ku boma. Amamupatsa ufa wanu."

A Chirambo anauwerenga ataima pakati pa nkhuku zawo. Anakhala pa chidebe chovundikira, nauwerenganso. Kenaka anaimbira Griffin.

"Adada, ine ndinagulitsa ufa wa ziweto," anatero Griffin atamva nkhani yonse. "Ngati mayiyo wapatsa mwana, ndi nzeru zake."

"Unanena pakhonde panga kuti ana amamwa. Ndinalipo."

"Ndinati m'tauni amamwa za ku famase. Ndipo amene anavomereza ndinu. Koma tamverani, adada, musachite phuma. Ana amatsekula m'mimba tsiku ndi tsiku nyengo ino. Ndani angatsimikize kuti ndi ufa? Mukangokhala chete zitha zokha. Mukayamba kuyankhula, mundimangitsa ine, ndipo dzina lanu lomwe lithera pomwepo."

"Thumba lija lili kuti?"

"Ndinalitaya kale. Ndinagula matumba angapo kwa munthu wina amene ankatseka sitolo. Masiku ake anali atapitirira pang'ono, koma zinthu izi sizionongeka msanga."

"Unadziwa kuti masiku anapitirira."

"Adada, aliyense amatero."

A Chirambo anadula foni. Analowa m'chigafa, namanga matumba onse awiri kukamwa, nawakweza pa wilibala mpaka ku ofesi ya Isabella. Anthu a pa Bolero anadabwa kuona aphunzitsi akukankha wilibala m'matope atavala jekete, koma palibe amene anawafunsa.

Thumbiko anakhala m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachitatu anayambanso kuyamwa. NyaMsiska atabwera kudzasintha zovala anauza amuna awo zimene adokotala ananena: sakanatha kudziwa ngati ufawo ndiwo unakulitsa matenda kapena ayi, koma masiku anayi amene mwana anakhala pakhomo akudikira ufa ndiwo anatsala pang'ono kumutenga.

"Bwanji simunandiuze kuti munayankhula zotere kwa Lois?" anafunsa akupinda zitenje. Mawu awo anali otsika. "Mlangizi uja anaima m'chigafa n'kunena za tinthu tating'ono todwala. Inu munali pomwepo, mukudziwa. Mukanangonena, ine ndikanapita tsiku lomwelo."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi anu akanaika mwana wa eni m'bokosi laling'ono la maliro, a Chirambo."



Lois atatuluka m'chipatala, a Chirambo anapita kukamuona pamodzi ndi akazi awo. Thomson anali atabwera kuchokera ku Thazima. Anawapatsa mipando mwaulemu koma sanawagwire chanza, ndipo anakaima potsamira chitseko. Thumbiko anali pamiyendo pa mayi ake, wowonda, akukoka mkanda wa m'khosi mwawo.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero a Chirambo. "Ndinayankhula chinthu chimene sindinkachidziwa, ngati ndikuchidziwa. Ndipo nditauzidwa kuti n'choopsa, sindinabwere kuno."

Lois anayang'ana pansi nthawi yaitali. "Aphunzitsi, a Griffin akanakhala okha sindikanamvera. Amalonda timawadziwa. Ine ndinafunsa inu. Ku chipatala anamwino anandikalipira pamaso pa anthu, akuti mayi wanji wopatsa mwana chakudya cha nkhuku. Sindinatchule dzina lanu. Ndinangoti ndinamva kwa anthu."

"Ukanatchula, mwana wanga."

"Sindikanatha."

Thomson anayankhula ali chiimire. "Kupepesa tamva, aphunzitsi, yewo. Koma kwathu kuno tapulumuka kale. Dzulo ndadutsa kwa a Thumbiko Harawa, amene mwanayu tinamutcha dzina lawo. Apongozi awo okalamba akuthira ufa womwewu m'tiyi chifukwa cha m'mimba. Akuti aphunzitsi anavomereza. Nkhani inayenda, ndipo inu simungadziwe nyumba zonse zimene yafika."

Pobwerera kunyumba anakumana ndi mkulu wa mpingo mnzawo, a Peter Nyirongo, amene anali atamva kale zonse. Anawakokera a Chirambo pambali pa msewu.

"Ndamva kuti mukufuna kuyankhula Lamlungu. Ganizani bwino, a Laws. Mwana wachira, ufa mwapereka ku boma. Zotsalazi tingathe kuuza anthu mmodzimmodzi. Ngati n'kofunika kulengeza, ndilengeza ine kuti kunabwera wamalonda wina wa ku Mzuzu amene anapusitsa anthu, inu nomwe anakupusitsani. Ndi zoona zomwezo. Mkulu wa mpingo savula malaya pagulu."

"Mmodzimmodzi ndinayesa kale," anatero a Chirambo. "Ndinauza atatu."

Madzulo a Loweruka anakhala patebulo ndi pepala ndi cholembera. Analemba, nafufuta, nalembanso. NyaMsiska ankasita malaya awo oyera osawafunsa kanthu. Pomaliza a Chirambo anapinda pepala lija naliika pansi pa nyale.

"Griffin sadzapondanso pakhomo pano," anatero.

"Mwina adzaponda, mwina ayi. Tinamulera ndife. Ngati tinamulera bwino adzabwera, ngakhale mochedwa."

Lamlungu kunacha bwino ndipo tchalitchi chinadzaza. Isabella, amene ankapemphera mpingo wina, anabwera nakhala kumbuyo ndi katoni yoti anthu aponyemo tijumbo. Lois anakhala ku mbali ya amayi, Thumbiko ali m'tulo pachifuwa pake. Itafika nthawi ya zolengeza, a Nyirongo anawerenga za msonkhano wa achinyamata ndi za maliro a ku Chiweta. Atamaliza anayang'ana a Chirambo, napukusa mutu pang'ono ngati kuwapempha komaliza.

A Chirambo anaimirira, nayenda mpaka kutsogolo opanda pepala m'manja. Anayang'ana nkhope za anthu aja, ambiri mwa iwo anawaphunzitsa kugwira pensulo. Nkhani inali itamveka kale m'mudzi, ndipo onse ankayembekezera kumva dzina la Griffin.

"Abale ndi alongo," anatero, "ufa umene uli m'nyumba zanu munagula kwa ine, Laws Chirambo. Sindikudziwa chimene chili m'kati mwake, ndipo tsiku limene ndinakuuzani kuti ndi wabwino sindinkadziwanso. Musapatse chiweto, musapatse munthu. Amene muli nawo pano kaponyeni m'katoni ili kumbuyoko. Amene mwausiya kunyumba imikani manja ndikuoneni, ndibwera ndekha kudzatenga."

Mayi wina wa kutsogolo anakweza dzanja pang'onopang'ono, wina pambuyo pake, bambo wina kumbali ya abambo, mpaka manja anachuluka kuposa mmene a Chirambo ankaganizira. Anaima pomwepo osathamanga, akuyang'ana dzanja lililonse ndi mwini wake, kuti asaiwale nyumba ndi imodzi yomwe.